Ndakatulo Sikomera ku Mchira Kokha

Ndakatulo zambiri zimene anyamata ndi atsikana athu amalakatula, kaya pa tsiku lotsekera sukulu, kaya pa ukwati, kaya pa msonkhano wa achinyamata, zili ndi nthenda imodzi. Mlakatuli amaika mtima wake wonse ku mchira wa mzere. Iye adamva kuti ndakatulo yeniyeni ndi imene mizere yake imathera mofanana, tsono amasaka mau othera mofananawo monga mwana wokumba mbeŵa, amene sasamala kuti akugumula mizere ya m'munda wa mwini. Nkhaniyi si yaing'ono ai, pakuti ana omweŵa ndiwo adzapeke nyimbo za makwaya athu ndi kulemba mabuku amene adzukulu athu adzaŵerenge. Mwezi uno tiyeni tiike ndakatulo imodzi pa mphasa, tiimasule ngati mtolo wa nkhuni, kuti tione luzi limene laimanga.

Tiyambe ndi mchira womwewo. Taŵerengani mizere iyi, imene ndaipeka dala:

Tsiku lina ndidanka ku Dowa,
Ndidapeza anthu akulima,
Ena anali kuphika,
Ena anali kuimba.

Mizere yonse inayi yathera pa a. Kodi pamenepa pali luso? Palibe ndi pang'ono pomwe. M'Chicheŵa tili ndi malembo a liu asanu okha, a, e, i, o, u, ndipo mau athu amathera pa limodzi la malembo ameneŵa. Kuonjezera apo, aneni athu ambiri amathera pa a: kulima, kuphika, kuimba, kudya, kugona. Motero mwana wa Sitandade 3 angathe kundandalika mizere makumi asanu yothera mofanana asanatuluke thukuta. Chingerezi sichili choncho. Mau ake amathera m'njira zambirimbiri, kotero kuti kupeza aŵiri ogwirizana ndi ntchito ndithu, ndipo khutu la Mngerezi limakondwa pomva kuti ntchitoyo yatheka. Chimene kwao ndi nyama yosoŵa, kwathu kuno ndi bonongwe womera kuseri kwa khola.

Sindikuti mathero ofanana ngoletsedwa. Koma wofuna kuti Mcheŵa aŵamve ayenera kugwirizanitsa maphatikizo aŵiri omaliza, osati limodzi: mtima, nsima, kulima, njala, mwala, chala, nkhungu, dzungu. Apo khutu limatembenuka. Komabe pomwepo pali msampha. Mlakatuli amene wathetsa mzere ndi nkhungu amayamba kufunafuna poika dzungu, chonsecho nkhani yake ndi ya maliro. Dzungulo likaloŵa, anthu amaseka posayenera kuseka.

Ndipo musaganize kuti Azungu onse amamangika ndi lamulo limeneli. John Milton adatulutsa ndakatulo yake yaitali ija, Paradise Lost, m'chaka cha 1667, yopanda mathero ofanana, ndipo Angerezi amaiŵerengera pakati pa ndakatulo zao zopambana. Anansi athu olankhula Chiswahili ndiwo amene adaligwiritsa lamuloli. Ndakatulo yao yotchedwa shairi kaŵirikaŵiri imakhala ndi mizere inayi pa ndime, mzere uliwonse maphatikizo 16 ogaŵika pakati 8 ndi 8, ndipo mathero amagwirizana pakati pa mzere ndi kumapeto komwe. Umenewo ndi mwambo wao wa zaka mazanamazana. Ife ndakatulo zolembedwa m'mabuku tidaziyamba dzulodzuloli: buku la a E.J. Chadza, Ntchito ya Pakamwa, lidatuluka mu 1963, ndipo la a J.W. Gwengwe, Ndakatulo, mu 1967. Koma ndakatulo zapakamwa, za pa mtondo, za pa dambwe, za potonthoza mwana ndi za polira maliro, tidali nazo kalekale, ndipo zili ndi malamulo akeake.

Tisanafike pa malamulowo tiphunzire kuyeza mzere. Muyeso wa mzere ndi chiŵerengero cha maphatikizo ake, ndipo poŵerenga maphatikizo tigwiritse ntchito khutu, osati maso. Pali m wina amene amaima payekha, ndi m wina amene amangokhala pa msana pa mnzake. Mau akuti mvula ali ndi maphatikizo aŵiri, mvu-la, koma mtima ali ndi atatu, m-ti-ma. Mbale yodyera nsima ndi maphatikizo aŵiri, pamene m'bale wobadwa naye ndi atatu. Wopeka nyimbo amene saidziŵa nkhani imeneyi amadabwa kuti bwanji oimba akupunthwa pa mzere umene iye adauŵerenga bwinobwino pa pepala.

Chachiŵiri nchakuti Mcheŵa polankhula amakoka pang'ono phatikizo lachiŵiri kuchokera kumapeto. Timati MVUla, chiMAnga, kukoLOla. Kukokaku kumamveka kwambiri pa mau omaliza a chiganizo, ndipo ndiko kumapatsa chilankhulo chathu kayendedwe kake. Gwirani mfundo imeneyi, pakuti tidzaifunanso kutsogoloku.

Tsopano nayi ndakatulo yathu ya mwezi uno. Ndaipeka kuti tikhale ndi choseŵeretsa m'manja. Iŵerengeni mokweza, pakuti ndakatulo yoŵerenga chamumtima ili ngati ng'oma yopachika pa khoma.

Nkhungu yagona pa Ntchisi,
Phiri lafunda chirundu.
Mayi ayamba kusinja,
Munsi ukuti gu! gu! gu!

Mwana adanka ku Joni,
Mwana adanka ndi mvula.
Mvula yabwera katatu,
Mwana sabwera, kuli zii.

Chimanga chacha, chauma,
Nanga akolole ndani?
Mtondo ndi khutu lao,
Munsi ndi pakamwa pao.

Ŵerengani ndi zala: mzere uliwonse uli ndi maphatikizo 8. Mzere wakuti Mtondo ndi khutu lao ungaoneke ngati waufupi, koma kumbukirani m uja woima payekha: m-to-ndo-ndi-khu-tu-la-o. Akwana.

Muyeso wokha sukwanira, pakuti mizere iŵiri ingathe kulingana kutalika koma nkumayenda mosiyana, monga anthu aŵiri a msinkhu umodzi, wina woyenda mwachangu, wina wotsimphina. Taombani m'manja pa maphatikizo olemera a mzere woyamba: NKHUngu yaGOna pa NTCHIsi. Mwaomba katatu, pa phatikizo loyamba, lachinayi ndi lachisanu ndi chiŵiri. Yesaninso wachiŵiri: PHIri laFUnda chiRUndu. Chimodzimodzi. Wachitatu: MAyi aYAmba kuSInja. Chimodzimodzinso. Pofika pamenepa thupi la womvera lazoloŵera, layamba kugwedezeka lokha, ndipo asanauzidwe kuti pali munsi waumva kale ukukwera ndi kutsika. Tsono mzere wachinayi ukungomutsimikizira zimene wamva: gu! gu! gu!

Kayendedwe komweko kakupitirira m'mizere itatu ya ndime yachiŵiri. Koma onani ndime yachitatu. ChiMAnga CHAcha, chaUma: kulemera kwasuntha, kwachoka pa phatikizo loyamba. NAnga akoLOle NDAni: pakati pakhala mpata wautali wopanda poomba. Maphatikizo akadali 8, koma munsi wasokonezeka. Wina angati mlakatuli walephera. Ai, kusinja kwasokonezeka chifukwa wosinjayo waganiza za chimanga chouma m'munda chopanda wokolola, ndipo manja ake afooka. Lamulo limayamba lamangidwa kuti pamene lithyoledwa anthu amve kuti pathyoka kanthu. Wothyola asanamange palibe amene amamumva.

Tione tsono nsinjiro zimene zakometsa ndiwo zimenezi. Yoyamba ndi mvekero, chuma chimene Chingerezi chilibe chambiri monga ife. Ndime yoyamba yathera pa gu! gu! gu! ndipo yachiŵiri yathera pa zii. Mivekero iŵiriyi siifanana kamvekedwe, koma ikuyankhana kuposa mathero alionse ofanana: uku phokoso, uku chete. Ndiponso zii ali ndi nkhope zingapo. Timati pamudzi pali zii pamene palibe wolankhula, timatinso ndiwo zili zii pamene mulibe mchere. Moyo wa mayiyu uli zonse ziŵiri, ndipo kamau kamodzi kanyamula katundu amene chiganizo chathunthu chikadalephera kusenza.

Yachiŵiri ndi kubwereza. Mwana adanka wanenedwa kaŵiri, ndipo mwana katatu m'ndime imodzi. Mphunzitsi wa chimangirizo angadule ndi inki yofiira, koma m'ndakatulo ndi momwe mtima wa kholo umachitira: umachoka nkubwerera pomwepo, ngati lilime pa dzino loŵaŵa. Onaninso kuti mvula amene watseka mzere wachiŵiri ndiye watsegula wachitatu. Kulumikiza kotereku, mchira wa mzere kusanduka mutu wa unzake, mudzakupeza kaŵirikaŵiri m'nyimbo za agogo anu. Kumathandiza woimba kukumbukira, ndipo womvera amaoloka kuchoka pa ganizo lina kunka pa lina osanyowa mapazi.

Pa mau akuti adanka ndi mvula tiimepo pang'ono, pakuti ndi pamene ine ndimapakonda. Tanthauzo lapafupi nlakuti mwanayo adachoka nthaŵi ya dzinja. Koma khutu limamvanso ngati iye ndi mvula adatsagana ulendo umodzi. Tsono mvula ija yabwerako katatu, mnzake wa paulendo osaoneka. Mlakatuli sadanene kuti papita zaka zitatu, sadanenenso kuti mayi akudandaula. Wangoika bwera pafupi ndi sabwera, ndipo womvera waŵerengera yekha. Kumapiri kuno nkhani imeneyi siisoŵa woimasulira. Amuna ambiri adanka ku migodi ndi Wenela mpaka 1974, pamene ndege yonyamula anthu athu idagwa ku Francistown ndipo boma lidaimitsa ulendowo. Adayambanso kupita ndi TEBA mpaka 1988. Ndipo lero achinyamata akupitabe ku Joni pa basi. Dzina limodzi lokha, Joni, latsegula nkhokwe yonseyo.

Yachitatu ndi imene ndingaitche mathero ofanana a kwathu, ngakhale kuti siikhala ku mathero. Tamverani: Chimanga chacha, chauma. Chi, cha, cha, cha. Chilankhulo chathu chimagwirizanitsa dzina ndi mau olitsata kumutu kwao, osati kumchira: phiri lalitali lafunda, nkhuni zouma zatha, kamwana kakang'ono kagona. Kotero nyimbo ya Chicheŵa imalira kumayambiriro a mau. Mlakatuli wochenjera amasankha dzina podziŵa kuti lidzabwera ndi abale ake. Mu mzere uwu cha wobwerezedwayo akuchita ngati kulira kwa mapesi ouma mphepo ikamaomba mu Juni. Wosaka mathero okha chuma chimenechi amachiponda osachiona.

Za nkhungu yogona ndi phiri lofunda chirundu sindichulutsa mau. Kupatsa zinthu zopanda moyo machitidwe a munthu ndi luso lodziŵika, ndipo aliyense amene adadzukapo m'maŵa wa mwezi wa Julayi ku Chinthembwe kapena ku Kongwe adaziona ndi maso. Chofunika kuona nchakuti phiri lagona, nkhungu yagona, koma mayi sadagone. Popanda kusiyana kumeneku mizere iŵiri yoyambayo ikadakhala maluŵa chabe.

Mizere iŵiri yomaliza siikuti mtondo uli ngati khutu. Ikuti mtondo ndi khutu. Kuchotsa ngati kumalimbitsa fanizo, monga kuchotsa madzi kulimbitsa phala. Ndipo fanizoli silidagwe kumwamba. Amayi a ku Dowa ndi ku Ntchisi akhala akuimba pa mtondo zimene sakadatha kunena pamaso pa mwamuna kapena apongozi, mudzi wonse nkumamva popanda woŵaimba mlandu. Pomaliza penipeni ndi pamene pabwera mathero ofanana, lao ndi pao, kamodzi kokha m'ndakatulo yonse. Sadasakidwe, abwera okha chifukwa mizere iŵiriyo idamangidwa pa chikombole chimodzi.

Kumanga mizere iŵiriiŵiri kotereku inu oŵerenga Masalmo mumakudziŵa, kapena mosazindikira. Ndakatulo ya Chihebri siidalira mathero ofanana. Mzere woyamba umanena chinthu, wachiŵiri nkuchinenanso m'mau ena, kapena kuchitsutsa, kapena kuchionjezera. Mngerezi wina wophunzira, Robert Lowth, adalongosola zimenezi m'buku lake la mu 1753. Salmo 136 lili ndi mzere umodzi wobwerezedwa m'mavesi ake onse 26, monga momwe ife timachitira wina akamatsogolera ena nkumavomera. Tsono taonani chimene chidachitika pamene Dr. W.H. Murray ndi anzake, Azungu ndi Amalaŵi, adagwira ntchito yomasulira Baibulo, ntchito imene timaikumbukira ndi phiri la Kaso ku Mvera, mpaka Buku Lopatulika lidatuluka mu 1922. Luso la Salmo 119, limene lili ndi zigawo 22 za mavesi 8, mavesi onse a chigawo chimodzi kuyamba ndi lembo limodzi la Chihebri, silidathe kuoloka; lidatsalira tsidya lija. Koma kuyankhana kwa mizere kudaoloka kwathunthu, chifukwa kudapeza m'bale wake kuno. Nchifukwa chake Masalmo m'Chicheŵa samveka ngati alendo.

Nyimbo za m'buku ndizo zidakumana ndi phiri. Pamene A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok adafika ku Mvera mu 1889, ndi Robert Blake ku Kongwe mu 1894, adabwera ndi maimbidwe a kwao ku Ulaya, opekedwa kale pa muyeso wa zilankhulo zina. M'mabuku ambiri a nyimbo mudzaona timalembo pamwamba: C.M. kutanthauza mizere ya maphatikizo 8.6.8.6, L.M. ya 8.8.8.8, ndi S.M. ya 6.6.8.6. Masalmo oimba a ku Scotland a mu 1650, amene Apresbiteriyani adakula nao, ambiri ali pa muyeso woyambawo. Vuto nali. M'miyeso imeneyi mzere umathera pa phatikizo lolemera, chifukwa Chingerezi chili ndi mau ambiri a phatikizo limodzi. Koma taona kale kuti Mcheŵa amalemeretsa lachiŵiri kuchokera kumapeto. Chotsatira chake nchakuti poimba timakakamizika kunena mtiMA m'malo mwa mTIma, ndi moYO m'malo mwa MOyo. Vuto linanso nlakuti mau athu ngaatali. Ganizo limene Mngerezi amalinena ndi maphatikizo 6 ife lingatidyere 12. Omasulira adachita kudula: Mulungu adakhala Mlungu, Ambuye adakhala Mbuye, ndipo timizere todulira mau tidachuluka.

Sindikunena izi monyoza anthu amene adagwira ntchito yovuta ndi zida zochepa, ndipo nyimbozo tidakula nazo, zidatiikira makolo athu m'manda, sitingazitaye. Koma tcherani khutu Lamulungu likudzali. Nyimbo zimene mizere yake imayamba ndi phatikizo lolemera nkuthera pa lopepuka, monga mizere ya 8 ya muyeso wa 8.7.8.7, zimakhala bwino m'kamwa mwa Mcheŵa kuposa za C.M. Abale athu a ku Livingstonia adapeza njira ina msanga. Donald Fraser adalimbikitsa Akhristu a kumeneko kupeka nyimbo pa maimbidwe a Chingoni ndi Chitumbuka, ndipo anthu monga Mawelera Tembo, Peter Thole ndi Charles Chinula adasiya nyimbo zimene mau ndi maimbidwe zidabadwira pamodzi.

Kwa inu a makwaya, amene mumapeka nyimbo zatsopano chaka ndi chaka, pali chinanso choti musamale. Chicheŵa chimasiyanitsa mau ndi kukweza kapena kutsitsa liu. Mtengo womera m'nkhalango ndi mtengo wa pa msika amalembedwa chimodzimodzi, koma sitiŵatchula chimodzimodzi. Khungu la pathupi ndi khungu la maso nchimodzimodzinso. Nyimbo za makolo kaŵirikaŵiri zimatsata kukwera ndi kutsika kwa mau olankhula, nchifukwa chake ngakhale uli kutali umamva zimene akuimba. Koma mukatenga maimbidwe amene mwamva pa wailesi nkuthiramo mau mokakamiza, liu limakwera pamene mau afuna kutsika, ndipo agogo okhala kumbuyo amangomva kukoma kwa mau anayi osatolapo kanthu. Yambani mwalankhula mzere wanu mokweza kasanu, mumve pamene ukukwera ndi pamene ukutsika, pamene ukulemera ndi pamene ukupepuka. Maimbidwe abwere pambuyo, adzavale mauwo monga malaya osokedwa atayeza mwini.

Makolo, pa nkhani iyi muli ndi gawo lalikulu kuposa mmene muganizira. Mwana wanu akakhala ndi funso la ndakatulo lochokera ku sukulu, kaya ku Robert Blake kaya ku sukulu yoyendera ya kwanu konko, musafulumire kunena kuti zimenezo nza ophunzira. Mayina a nsinjirozi mwina simuŵadziŵa, koma zinthu zake muli nazo m'kamwa. Muuzeni aŵerenge mokweza, inu mutseke maso. Pamene mzere watsimphina mudzamva msanga kuposa iye, chifukwa khutu lanu lidaleredwa ndi nthano za madzulo, pamene wosimba amaimba ana nkumavomera. Mufunseni mafunso atatu okha: akulankhula ndani, chamupweteka kapena chamukondweretsa nchiyani, ndipo ndi mau ati amene sangachotsedwe popanda ndakatulo kugwa. Mayankho a mafunso a mayeso ambiri amabisala m'menemo.

Anyamata ndi atsikana, nayi ntchito yanu. Tengani ndakatulo ya mayi wosinja ija, muipekere ndime yachinayi ya mizere inayi, uliwonse maphatikizo 8. Musankhe nokha ngati mwana uja abwera kapena ai. Akabwera, munsi ubwerere pa kayendedwe kake koyamba, kuomba katatu pa mzere. Akapanda kubwera, muone nokha chochita nao. Mvekero ukhalemo umodzi wokha, ndipo usakhale gu kapena zii. Mwezi wamaŵa tidzaona za ndakatulo zotamanda mafumu ndi mafuko, ndi chifukwa chake mizere yao siilola kuyezedwa ndi zala.